Mukufunako Chiyani Kuphiri?

Pa golosale yomaliza, kuseri kwa Katete,
pomwe msewu wa ngolo umathera m'tchire,
mayi wogulitsa machesi anayang'ana zikwama zathu,
anayang'ana nsapato za mlamu wanga Yotamu
zogula pa salaula ku Kapata,
nati: Mukufunako chiyani kuphiri?
Ngati ndi miyala ya ndalama, anzanu anakumba kale,
anatisiyira maenje ndi ngongole ya sopo.
Tinati tikungoyenda.
Anaseka mpaka kugwira chitseko.
Munthu wabwinobwino, kungoyenda?

Unali mwezi wa Meyi, mvula itatsazika,
mapesi ali gwa m'minda, mpendadzuwa atazolika mitu.
Udzu unatimeza mpaka m'mapewa,
chisoso chinatikakamira m'mathalauzi
ngati achibale pa tsiku la malipiro.
Pofika masana ndinali nditadana ndi chikwama,
ndi mbatata zonse zinali m'menemo, ndi poto,
ndi Yotamu yemwe, woyenda patsogolo akuimba mluzu
ngati phirili ndi la amalume ake.

Usiku woyamba tenti inatikana.
Chikhomo sichilowa pathanthwe.
Tinaipsinja ndi miyala, mwera ukuikoka makutu,
tinagona mopanikizana, fungo la masokosi pakati pathu.
Kunja china chake chinatsokomola kawiri.
Nyani ameneyo, anatero Yotamu, gona.
Koma ndinamumva akusendeza chikwanje kumutu.

Tsiku lachiwiri madzi anatithera.
Khwawa limene tinkadalira linali mchenga wokhawokha
ndi mapazi a nguluwe.
Tinafukula ndi mbale mpaka chigongono kubisika,
pansi panayamba kuchucha timadzi ta mtundu wa tiyi.
Tinadikira kuti adikhe,
tinasefa ndi malaya anga a kuntchito,
omwe aja ndimavala polemba malisiti a feteleza ku Chipata.
Ankamveka dothi, ankamveka sopo,
ndinamwa makapu anayi.

Pamwamba, tsiku lachitatu,
foni imene inali itakhala chete ngati mwala
inanjenjemera m'thumba kundilandira ku Mozambiki,
ine mapazi ali pa nthaka ya kwathu.
Mapiri anandandana mpaka kumene maso amatopera,
apafupi obiriwira, otsatira otuwa, akutali ngati utsi.
Mbira zitatu zinkawothera dzuwa osatiwerengera.
Tsamba limodzi linathothoka, linzake n'kudikira kaye.

Yotamu anavula nsapato, matuza ataphulika,
nakhala du, nthawi yokwana kupsa mbatata.
Kenako anati: Tilyenji akanakukonda kuno.

Chaka chathunthu, chiikireni maliro,
anali asanatchulepo dzina la mlongo wanga.
Ine ndinasonkheza moto
ngakhale unkayaka bwinobwino.

Usiku umenewo tenti inagona yokha.
Tinakhala panja, bulangete limodzi m'mapewa,
magetsi a tauni akuphethira kutali ngati makala otsalira.
Anayankhula za mmene ankaiwalira makiyi m'ndowa ya ufa,
za nsalu imene anasiya pamakina, singano idakali momwemo,
za mkangano wa mabatire a wailesi umene sanaumalize.
Ndinamuuza za njinga ya atate imene tinaigwetsera m'dambo,
iye n'kunena kuti ndine ndekha,
ndipo ndinakwapulidwa ndekha.
Tinaseka moipa, mpaka nyani anatiyankha kutsidya.
M'bandakucha chisanu chinatipeza tili maso,
mame ali mbwee pa nsidze.

Kutsika kunapweteka maondo kuposa kukwera.
Yotamu sanaimbe mluzu, anayenda pambuyo panga,
kawiri anandigwira chikwama pamene ndinaterereka.

Mayi uja anationera patali, manja m'chiuno.
Nanga mwapezako chiyani?
Yotamu anapisa m'thumba, natula pathebulo
timitengo titatu ta machesi, chikhomo chopindika,
ndi chisoso chodzaza dzanja.
Tipatseni mabanzi awiri, anatero,
ndipo musatilembe m'buku, tilipira.