Mamba a Nsomba ya 214

Okutobala akafika, mtsinje wa Mandal ukayamba kuluma zala,
Eilif amandibweretsera timaenvulopu takhaki.
M'kalikonse muli mamba asanu
ndi dzina la dziwe lomwe salimoni inakodwa.
Ine ntchito yanga n'kuwerenga.
Ndimayatsa getsi pansi pa galasi,
mizere n'kutuluka ngati ya pachitsa chodula dzulo:
apa inali kamwana mumtsinje, zaka zitatu za njala,
apa inalowa m'nyanja yamchere, mizere n'kutakasuka.

Koma a 214 m'mphepete mwake ndi mokukutika,
ngati mwadutsa khoswe.
Palibe chinailuma. Inadzidya yokha.

Kunyanja kashiamu ndi wosefukira,
amagogoda pa makha usana ndi usiku,
ndipo timatotupa toyera tobisala pa impso
timatumiza mawu m'magazi: tsekani, takhuta.
Zaka ziwiri chitseko chili chitsekere.
Kenaka fungo la kwawo liitana.
Ikwera kuno, kumene madzi ndi amphawi,
otsetsereka pamiyala youma mtima yosapatsa kanthu.
Mahomoni atembenuza lamulo: tsegulani, tolani kalikonse!
Makha atola, atola, osakwana.
Kukamwa sikunalawe kanthu chichokere kunyanja,
m'mimba mazira zikwizikwi akupempha.
Ikakongola kwa yani?
Isenda pamsana pake.

Eilif amayang'anira thanki ya laimu kumtunda kwa mlatho.
Bambo ake anauona mtsinjewu uli zii,
mvula yowawasa itabwera ndi utsi wa mafakitale akutali,
mbedza zikuchita dzimbiri m'galaja.
Lero makina amathira ufa woyera pang'onopang'ono,
ndipo alamu ikalira pakati pa usiku
amadzuka, nsapato osamanga,
n'kubwerako nsidze zili mbuu.
Amati, "Ndimamwetsa mtsinje ndi supuni."

Lachiwiri ndinapita kuchipatala ku Kristiansand.
Mayi anga, a Gunvor, anaterereka pakhomo
akukatenga nyuzipepala.
Masitepe awiri okha. Chiuno thyo.
Dokotala anandionetsa chithunzi,
fupa lili mabowomabowo ngati buledi.
Anafotokoza za ukalamba,
za mahomoni amene amatsazika mkazi akasiya kusamba,
za dzuwa lathu losowa miyezi yozizira.
Zonsezo n'zoona, ndinagwedeza mutu.
Za ife sananene, mwina sizikutikhudza n'komwe.
Koma maso anga anazolowera zoipa,
anayamba kuwerenga okha:
apa Sverre, apa ine,
apa mapasa a chaka chimene boti la bambo linagulitsidwa.

Mayi anandiona milomo ikuyenda.
"Torunn, usandiwerenge ngati nsomba zako.
Ndipatse magalasi, ndipo khofi wa muno ndi madzi."

Madzulo ndinabwerera kuntchito, sindikudziwa chifukwa.
Chipale chinali chitayamba kugwa, chonyowa, chosakhalitsa.
Ndinaikanso 214 pansi pa getsi,
n'kutembenuza kachitsulo mpaka mizere inaima.
Ndi pamene ndinaona chimene ndinaphonya m'mawa:
mkati, kutali ndi m'mphepete,
chipsera china chakale, chokhotakhota,
ndipo kunja kwake mizere yatsopano, yotakasuka.
Kani inabwerapo kale.
Inadzisenda, inaikira, inatsika mtsinje ili minga yokhayokha,
nyanja n'kuibwezera pang'onopang'ono,
iyo n'kutembenukanso
ndi ngongole yomweyo.

Zambiri sizibwerera. Manambala ndimawadziwa,
ndine ndimawalemba.

Pafomu pali kabokosi kakang'ono,
kosakwana ngakhale dzina la munthu.
Ndinachongamo ndi pensulo: kachiwiri.
Ndinazimitsa getsi,
ndinatsuka fulasiki ya Eilif yomwe anaiwala pawindo,
n'kuthiramo khofi wakuda bii
woti ndilowe naye mobisa m'chikwama
nthawi yoona odwala isanathe.