Zipolopolo pa Tebulo

Magetsi azima kuyambira masana.
Ndayala zipolopolo pambali pa tochi,
Asiyatu wayala buku lake mbali inayo.
Iye mawa ali ndi mayeso a bayoloje,
ine ndili ndi njovu ya ku Phirilongwe
imene yapasula nkhokwe zitatu
n'kuthyola nthiti za Che Mbalaka.

Ichi cha mutu wofewa chikalowa chimatambasuka
ngati duwa la dzungu.
N'chabwino pa nguluwe, ngakhale pa mphalapala.
Pa njovu chingathere m'fupa la pachipumi
n'kuisiya yamoyo, yolusa kuposa dzulo.
Ichi cha mkuwa, cholimba mpaka kunsonga,
sichikambirana ndi fupa.
Ndikuchiyeza m'dzanja. Chikulemera ngati mlandu.

"Ababa, mumaidziwa koala?"
Akundionetsa chithunzi: kanyama kotuwa,
makutu aubweya, mphuno ngati chigamba cha tayala,
kakukumbatira nthambi.
Akuti kamadya masamba a bulugama basi,
bulugama yemweyu wa kuseri kwa sukulu ku Mpondasi
amene mbuzi zimangomununkhiza n'kupitirira.
Masambawo ngowawa, mphamvu yake njochepa,
ndiye kamangogona, usana ndi usiku womwe.

Akuwerenga mokweza, chala pa mzere:
mwana wake amabadwa wochepa ngati nyemba,
wosaona, wopanda ubweya,
nakwawa yekha mpaka m'thumba la mayi.
Akasinkhuka amanyambita zochoka m'mimba mwa make
kuti m'matumbo mwake mulowe tizilombo
tomuthandiza kugaya zowawazo.
Asiyatu wagwira pakamwa, akuseka.

Ine ayi.
Ana a njovu amateronso, ndinawaonapo
akutola ndowe za amawo ndi kachitamba kosadziwa ntchito.
Ndipo mayi wina kumudziko anandikokera pambali dzana,
nati mapazi m'munda mwake anali amitundu iwiri:
aakulu ngati lichero,
ndi ena oti n'kuwaphimba ndi mbale ya ndiwo.
M'kalata ya ku ofesi aang'onowo mulibe.

Ndapatula zinayi za mkuwa.
Ndatenganso zija zopanda mutu, zaphokoso chabe,
zimene anzanga amati n'zoopsezera akhwangwala.
Zonse m'thumba limodzi.

Tochi ikufiira.
Mwana wagona tsaya lili pa chithunzi,
cholembera chili m'kamwa.
Galimoto ibwera folo koloko,
ndipo sindinadziwebe kuti dzanja langa
likalowa m'thumbamo
lituluka ndi chiti.