Nambala Ziwiri

Tinaipeza Lachinayi, a mpingo atatenga kale mabenchi awo,
pansi pa sutikesi ya bambo ku Chilomoni,
itakulungidwa m'juzi yobiriwira imene njenjete zinadya khosi.
Fanuwelo anaiika patebulo ngati dzira.
Ine ndinayamba ndatseka chitseko.

Kamfuti ka m'manja, kolemera kuposa maonekedwe ake.
Bambo athu, munthu woopa magazi a nkhuku,
amene ankaitana ana a neba kuti adzazinge tambala wa Khirisimasi,
zaka makumi anayi ankagona pamwamba pa chinthu ichi
osatiuza.

Ku Limbe, kuseri kwa mashopu a amwenye, kuli Che Ndembo.
Anapuma ntchito yosamala zida kupolisi,
lero amakonza maloko ndi makina osokera.
M'minibasi kondakitala ankafuna kuponya chikwama changa kumbuyo,
ine nkuchifungatira ngati muli khanda.

Che Ndembo sanafunse kuti mwaitenga kuti.
Anayala nyuzipepala, naithyola pakati
monga wotsegula buku la nyimbo,
nasuzumira zibowo zisanu ndi chimodzi, chimodzichimodzi.
Mulibe kanthu.
Mumpope mavu anamangamo nyumba yadothi kalekale
nasamuka.

Anapaka choko pachitsulo, napukuta ndi chala,
zilembo nkudzuka zoyera:
kachisoti ka mfumu ya ku Mangalande, kamuvi kakang'ono,
chaka chimene agogo anali asanamere ndevu.
"Mwina inapita kunkhondo ndi asilikali a Keyala.
Mwina inangogona m'kabati ya bwana ku Zomba.
Chitsulo sichiulula."

"Ndiye ndi zingati?" anatero Fanuwelo.
Iye wakatapila wa ku Ndirande akumusaka.
Ine denga likudontha pamphasa ya ana.

Mkuluyo anasendeza galasi.
"Taonani. Nambala ya pathupi ikuthera seveni,
ya pang'oma yozungulirayi ikuthera thuu.
Apa pali mfuti ziwiri.
Ina inafa, ina inapunduka, wina nkuzikwatitsa.
Otolera zakale a kunja sazifuna zotere,
amafuna za mayi mmodzi, bambo mmodzi.
Ndiye wina anaikwechanso ndi sandipepala kuti iwale.
Akanalisiya dzimbirilo, bwenzi mtengo uli pamwamba."

Ndinayang'ana Fanuwelo.
Mayi ake ndi a ku Thyolo, anga a ku Ntcheu.
Tinadziwana tili kale ndi mawu okhuthala,
pakhonde la chipatala cha Gulupu, bambo atathyoka mwendo,
aliyense atanyamula kontena yake ya phala.
Sanandiyang'ane.
Ankawerenga mitengo yodulira makiyi pakhoma.

"Komanso," Che Ndembo akusasa choko m'manja,
"popanda chiphaso mtengo wake ndi Chichiri.
Ogula alipo, sindikana.
Amabwera kutada, satsutsa mtengo,
kenako usiku wina mudzaimva ikulira kwa neba wanu
ndipo mawu ake mudzawazindikira."

Tinamulipira ya choko.

Kupolisi si kutali, koma tinayenda ngati operekeza mkwatibwi.
Chiperoni chinali chitatsika m'Mpingwe,
ogulitsa kaunjika akufunditsa katundu wawo mapepala.
Fanuwelo anaima kawiri. Kachitatu ndinaima ndine.

Wapolisi wamkazi anatsegula buku lalikulu.
"Mwini wake?"
Tinatchula dzina limodzi, nthawi imodzi,
iye nkukweza maso.
"Nambala?"
"Zilipo ziwiri," ndinatero. "Lembani zonse."

Panja chikwama chinali chopepuka mochititsa manyazi.
Fanuwelo anapempha juzi ija.
Inkanunkha mafuta a makina osokera,
ndiye kuti bambo ankadzuka tonse tili m'tulo
kudzoza chinthu chimene sanafune kuchigwiritsa ntchito.
Anaivala pomwepo, khosi lodyedwalo lili pamtunda,
manja ake atamufupikira.

Pasiteji tinagula chimanga chimodzi chootcha.
Anachithyola pakati,
nandipatsa mbali yaikulu
atayamba waziyerekeza.