Mitolo ya Eulogia Limachi

Ndamunyamula zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
m'minibasi yanga yobiriwirayi,
Lachinayi ndi Lamulungu, msika wa El Alto ukamadzuka,
chisanu chitamatirira pagalasi ngati mchere.
Ndikafika pakona pake folo koloko m'mamawa
ndimamupeza atakhala kale pamtolo,
chipewa chili neng'a pamutu,
akuluka. Podikira amaluka. Pokangana amalukanso.

Chaka choyamba mtolo unali umodzi,
majuzi asanu ndi awiri a ubweya wa alipaka.
Inagulidwa imodzi yokha.
Pobwerera ndinati ndimupepese,
iye n'kundidula: Fermin, unawaona mayi aja
anapisa dzanja m'khosi mwa juzi n'kuisiya?
Khosi ndathinitsa.
Usiku womwewo anamasula makosi onse otsala.

Ena akakanidwa amatukwanira wogula kumsana.
Iye amamuperekeza ndi maso mpaka pabenchi la mnzake
kuti aone chimene wakatola kumeneko.

M'kati mwa masiketi ake osanjikiza muli matumba awiri.
Lakumanzere ndi la pakhomo, lakumanja ndi la ubweya.
Mwamuna wake Casimiro anapemphapo lakumanja
kuti agule makireti khumi a mowa pachikondwerero,
angachite manyazi pamaso pa alamu ake.
Manyaziwo anachita.
Sanalankhulane masabata atatu,
thumba lili chimangire.

Musati sanagwepo.
Chaka chimene anakongola kubanki n'kugula makina
anagulanso utoto wotchipa kwa mkulu wina wapakamwa potsekemera.
Matalala atagwa pamsika
majuzi ofiira anakha magazi
n'kuthimbiritsa oyera onse, mitolo itatu.
Tsiku limenelo singano zinagona m'chikwama.
Njira yonse maso ali tong'o kuphiri la Illimani.
Ndinazimitsa wailesi.

Lamulungu lotsatira anapachika chikatoni
cholembedwa ndi mwana wake, poti iye cholembera chimamuterera:
Wogula juzi yofiira kwa ine abwere, ndimubwezere.
Anabwera anthu khumi ndi atatu.
Awiri ananyamula majuzi oluka wina.
Anawazindikira pongokhudza mpendero,
nawalozera mwaulemu benchi limene anagulako.
Ngongole anaibweza zaka zinayi
akudya mbatatesi zouma ndi tiyi wopanda shuga,
ndipo khumi ndi mmodzi aja mpaka lero
sagula kwina, amabweranso ndi azibale awo.

Lero amayi makumi awiri amaluka kuseri kwa nyumba yake.
Amawalipira Lachisanu, dzuwa lisanapendeke,
ngakhale sabata imene iye sanapeze kanthu.
Ndi wovuta, osanama.
Diso limodzi likathawa pamkono wa juzi
amakupatsa umasule wekha, iye akuyang'ana.

Kunabwera anyamata a kuyunivesite ndi makope awo
kudzafunsa chinsinsi.
Iye anati tambasulani manja,
n'kuwakoleka ulusi kuti apombe mpira.
Mphindi makumi anayi osanena kanthu.
Atatu manja anawawa, anatsanzika.
Wachinayi anafunsa chifukwa chake ulusi wina ukukanda.
Ameneyo ndiye anamuyankha,
ndipo ndi amene amasunga mabuku ake tsopano.

Ali ndi lole yake, yopita mpaka kumalire a Peru,
koma kumsika amakwerabe yanga, mpando womwe uja.
Amalipira ndalama yokwanira,
ndikamubwezera chenji amawerenga pamaso panga.

Tsiku lina ndinamufunsa, ngati nthabwala koma zikundiwawa:
tinayambira limodzi, bwanji ine ndikadali pompano?
Sanakweze mutu.
Fermin, iwe umadziwa dzenje lililonse la msewu uno,
koma zaka zonsezi wanyamula anthu a mitolo
sunafunsepo mmodzi kuti akamatsika
mtolowo amausenzetsa ndani.

Ndinakhala chete mpaka pamsika.
Sabata yathayi ndagula mawilibala awiri.
Iye wawaona, wagogoda tayala ndi nsapato,
akuti limodzi ndalipira mopitirira.