Pensulo Yokha

Kuno ku Hobart, m'chipinda chosungira zakale,
salola bolopeni. Pensulo yokha.
Zala zauma gwa ndi chisanu cha Julaye.

Miyezi isanu ndikusaka mayi mmodzi,
Honora Quill, wochapa zovala za amalinyero,
yemwe m'kaundula wa malipiro
ankangolemba kamtanda,
ngati phazi la mbalame pamatope.

A Dokotala Pell anandibwezera mutu wachiwiri
uli psuu ndi inki:
"Umboni uli kuti, Imogen? Usamuike mawu m'kamwa."
Ndinalira m'basi.
Usiku ndinakaumba mabanzi kuganyu, ufa mpaka m'nsidze,
bambo atafunsanso pafoni
kuti digiri ya anthu akufa imadyetsa ndani.

Lero, tsamba la makumi anayi,
pansi penipeni pomwe njenjete zinalekeza,
kamtanda kaja palibe.
Pali H wopendekeka, o wosatseka pakamwa,
n wowerama ngati munthu pabeseni.
Dzanja linanjenjemera koma linakafika.

Anamuphunzitsa ndani? Pepala lili duu.
Okutobala akufuna mawu zikwi khumi ndi zisanu.
Ine ndagwira zilembo zisanu ndi chimodzi,
ndipo woyang'anira wayamba kuloza wotchi.