Boti Kuseri kwa Nyumba ya Lendi

Ku Rosettenville boti langa lakhala pa ngolo miyezi isanu,
mphuno italoza mpanda wa malata.
A Radebe akamadutsa amaseka:
"Iwe Mphadwe, Joni ilibe nyanja.
Uliyendetsa pa kapinga?"

Sindiyankha. Ndili chagada pansi pake,
sipanala kukamwa.

Boti ili lilibe pulopela kunja.
Limamwa madzi ndi mimba
n'kuwalavulira kumbuyo mwaukali,
kulavulako ndiye kuyenda kwake.
Koma ulendo watha ku damu linangolira,
injini ikukuwa, ife tili pomwepo
ngati munthu wothamanga m'maloto.

Ndamasula chisefa cha kumimba.
Mabawuti anayi anagonja msanga,
lachisanu ndinachita kulinyengerera ndi parafini usiku wonse.
M'katimo muli umboni:
mizu youma ya namasupuni, jumbo ya buledi,
ulusi wa mbedza utakulunga shafti,
ndi kamwala kochepa ngati nzama
kamene kanasiya magweru pa mapiko achitsulo.

Magetsi azima, nthawi yawo yakwana.
Tiyese wabwera ndi tochi ya foni.
"Adadi, ndiunike pati?"
Apa, pa mphete yozungulira mapiko.
Ziwirizi zimayenera kuyandikana
mpaka pepala livutike kudutsa,
koma taona, chikhadabo changa chikulowa chonse.
Madzi amathawira mumpata umenewu,
mphamvu n'kupita nawo.

"Ngati malipiro anu," akutero mwanayo,
tochi ikugwedezeka ndi phwete.

Mphete yatsopano yagona mufiriji chiyambire dzulo,
pakati pa mapazi a nkhuku ndi nsawawa zaziwisi.
Amayi ake anadandaula,
ine ndinati kuzizira kuifinye, ilowe mosakangana.
Yalowadi. Kugogoda katatu ndi thabwa, basi.

Tupa m'manja, ndikusalaza magweru aja
pang'onopang'ono, kuopa kudya chitsulo chamoyo.
Girisi wakuda wafika m'zigongono.
Ndazunguza shafti ndi zala, khutu pafupi:
palibe mchenga, palibe kukukuta,
kamphepo chabe.

Kumtunda ndege ikupita kwawo kwa ena.
Ine ndikuwerenga mabawuti m'chitini cha nsomba,
asanu, onse alipo.

Pampanda patulukira chipewa.
"Mphadwe, Lamulungu lino mukupita ku Vaal?"
A Radebe akhosomola pang'ono.
"Kodi mumakwera anthu angati?"