Fomu ya Twaibu

Zaka? Makumi atatu ndi ziwiri.
Cholembera chachita kaye chidodo:
ndine wamkulu kwa iye ndi chaka chimodzi.

Ntchito? Akuyankha ndi mkazi wake, Asiyatu.
Kabaza, pa Kamuzu Road.
Matumba awiri a mpunga kuchokera ku Lifuwu,
osatsikapo panjira.
Twaibu akufuna kuwonjezerapo
koma mawu akumuthera m'tsaya lakumanja,
akungozungulira ngati pedulo tcheni chikagwa.

Lachiwiri m'mawa kapu ya tiyi inangomupulumuka.
Apongozi akuti ndi nyundo,
wina wamumenya usiku, nsanje ya njinga yatsopano.
Pa fomu yanga palibe bokosi la nyundo.
Pali la mchere, la fodya, la shuga,
la kachilombo ndi tsiku loyamba mankhwala,
la bambo ake, kaya nawonso anagwa chonchi,
la mutu umene unkagunda kunkhongo miyezi itatu
iye n'kumangogula panado pa okala.

Munayezetsapo bipi?
Asiyatu akuseka, koma osati kwenikweni:
Munthu wa mphamvu zake akayezetse chiyani?

Ndakulunga lamba pa mkono wamoyowo.
Makina akufufuma, akupuma,
akunena nambala imene sindikuiwerenga mokweza.

Magazi ake, timabotolo titatu,
akwera galimoto ya ku Lilongwe m'bokosi la ayezi,
dzina litasanduka 0214.
Patsogolo pake pali mphunzitsi wa ku Chipoka,
mayi wa zitumbuwa pa depoti,
mnyamata wokonza mafoni amene ukwati wake unali mu Okutobala.
Onse opanda imvi.
Akuluakulu a kafukufuku akuti tiziwunjika,
tiziwunjikabe, mpaka muluwo ulankhule.

Ndiye mukapeza, dzanjali lidzuka?

Ndikanatha kunena kuti inde.
Ndati: Dzanjali ndi la a fiziyo, Lachinayi lililonse, musaphonye.
Zathuzi mwina zidzathandiza uyo.
Pakhonde Yusufu, wa zaka zisanu,
akuliza belu la njinga yotsamira khoma,
matayala ataphwa kale.

Twaibu wadinda chala chakumanzere.
Inki yafalikira, sanazolowere.

Ku ofesi ndapereka mafomu asanu ndi limodzi.
Anzanga apita kukagula chipisi pachiwaya,
wonjezani mchere, aise.
Ine ndatseka chitseko,
ndapinda mkono wa malaya.
Miyezi isanu ndi itatu ndikuyeza anthu,
lero ndi koyamba kumva
mmene lambayu amafinyira.